Achemwali anga awapeza ndi HTLV-1 ku UK, ine ndili ndi pakati kuno ku Area 25, ndiyamwitse kapena ayi?

NaPhiri_wa25

Moni nonse. Pepani ndilemba zambiri koma mutu wanga sukugwira chiyambire Lamulungu. Achemwali anga aakulu ali ku Leeds, amagwira ntchito yosamalira okalamba, nde chaka chatha anapita kukapereka magazi ndi anzawo akuntchito, patapita masabata angapo kunabwera kalata yoti magazi awo sawagwiritsa ntchito chifukwa apezamo kachirombo kotchedwa HTLV-1. Iwo anangokhala duu chaka chonse osauza munthu, akuti amaopa kuti tiziti ndi HIV akungoibisa ndi dzina lachizungu. Pano ali oyembekezera nde adokotala awo awauza kuti mwana akabadwa asadzamuike kubere, komanso akuti auze mayi athu ndi ife a bere limodzi kuti tikayezetse chifukwa nthawi zambiri kachiromboka munthu amachita kuyamwira ali khanda. Ndi mmene anandiimbira usiku akulira, ine kumangoti eee, eee, osamva nkomwe chimene akunena.

Vuto ndi loti inenso ndili ndi pakati pa miyezi 6, mwana wachiwiri, woyamba ndinamuyamwitsa chaka ndi miyezi 8. Kusikelo anandiyeza HIV ndi chindoko zonse zili bwinobwino. Nditafunsa anesi za HTLV anangondiyang'ana kenako nkuti mayi HIV mulibe, musamadzipatse maganizo ndi zowerenga pafoni. Sindikuwada ayi, mzere unali wofika panja ndipo anali okhaokha. Ndinapitanso pachipatala china cholipira mtauni, kumeneko anati zimenezo sayeza.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi mayi athu. Ali kumudzi ku Mitundu, akhala akuvutika miyendo zaka pafupifupi 10, zinayamba pang'onopang'ono miyendo kulemera, kuuma, pano amayenda ndi ndodo mochita kukoka mapazi ndipo mkodzo sathanso kuugwira nthawi yaitali. Ena amati nyamakazi, ena amati anaponda mankhwala nthawi ya mkangano wa munda, atemedwa mphini msana onse koma palibe chasintha. Achemwali atawafotokozera adokotala awo zimenezi akuti anangokhala chete kaye nkuti mayiwo akufunika ayezedwe.

Nde ndikufunsa amene mumadziwa za chipatala. Kodi kachirombo kameneka ndi kachiyani, ndipo ngati anzathu amayeza magazi opereka bwanji ife sitinakamvepo olo pawailesi? Boma lili ndi ndondomeko iliyonse? Ndipo ine mwanayu akabadwa ndimuyamwitse kapena ndiyambe kusunga za mkaka wa mchitini?

Mfumu_yaBiwi

Pepani mayi. Koma ine ndikuona ngati ndi HIV yomweyo basi azungu angoisintha dzina kuti asawaopseze, chifukwa zonse mwanenazi, magazi, kuyamwitsa, ndi njira zomwezija. Pitani mukayezetsenso kwina mwina akuikani pa ma ARV zikhala bho.

Mnyamata_waLabu

Ayi achimwene a Biwi, si HIV, ndipo chonde musawatumize kukafuna ma ARV. Koma kusokoneza kwanu kuli ndi pogwira chifukwa tizirombo tiwiriti ndi tapachibale, tonse timalowa mmaselo oyera a magazi aja timati CD4 nkukhazikikamo moyo onse. Kanayamba kupezeka ndi ka HTLV-1, mu 1980 ku labu ya Robert Gallo ku America, ndipo HIV itatulukira anthu omwewo anayamba aitchula HTLV-III mpaka 1986 pomwe inapatsidwa dzina lakelake. Kusiyana kwake nkoti HIV imapha maselo aja, pomwe aka kamawachulukitsa, selo limene kalowamo limangogawikana nkumapanga ana ake onse ali ndi kachirombo mkati. Nchifukwa chake ma ARV sagwira ngati mmene amagwirira ku HIV, kachiromboka sikayandama kwambiri mmagazi kuti mankhwala akapeze, kamangokhala phee mselo. Mankhwala okachotsa palibe, katemera palibe.

Mayi NaPhiri mtima ukhale pansi kaye, mwa anthu 100 amene ali nako pafupifupi 90 kapena kuposa amakalamba osadwala matenda akuluakulu awiri amene kamatchuka nawo. Pafupifupi 5 amadzadwala khansa ya mmagazi yotchedwa ATL, imabwera munthu atakula kale, zaka 40 kapena 50 chiyamwireni, ndipo imagwira makamaka amene anakatenga ali makanda. Ndi khansa yolusa, mtundu wake woopsa ambiri satha nayo chaka. Ena ochepa kachirombo kamawatupitsa mtsempha waukulu wa mumsana, miyendo imayamba kuuma pang'onopang'ono, chikhodzodzo kuvuta, kudzimbidwa, msana kuwawa, amati HAM kapena TSP. Anazilumikiza ndi kachiromboka mu 1985 pachilumba cha Martinique ndi 1986 ku Kagoshima ku Japan. Zimene mwafotokoza za mayi anu zikufanana, sindikana, koma ine si dokotala ndipo miyendo imauma ndi zambiri, TB ya msana, chotupa chopanikiza mtsempha, kuchepa kwa vitamini B12, ngakhale konzo ija imabwera ndi chinangwa chowawa chosanyika bwino ngakhale iyo imagwira mwadzidzidzi osati zaka 10. Akufunika awonedwe ndi dokotala, ndipo mphinizo zileke kaye makamaka ngati lumo lake ndi limodzi la anthu onse.

Za ndondomeko, tiyambe ndi magazi. WHO imati magazi onse opereka ayezedwe zinthu zinayi, HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko, ndipo ndi zomwe a MBTS, bungwe lotolera magazi, amayeza kuno kuphatikizapo malungo. HTLV anasiyira dziko lililonse kuti lione lokha malinga ndi kuchuluka kwake. Japan inayamba 1986, America 1988, Brazil 1993, UK 2002, nde achemwali anu anagwidwa ndi ukonde umenewo. Maiko ambiri a mu Africa muno sayeza, chonsecho Gabon ndi DRC ndi ena mwa malo amene kachiromboka kamapezeka kwambiri padziko. Ndipo kudzera mmagazi othira munthu kamapatsirana mosavuta kwambiri chifukwa ukuthira maselo ambirimbiri nthawi imodzi. Anzathu olemera amasefanso magazi kuchotsa maselo oyera asanamuthire munthu, zomwe zimachepetsa chiopsezo kwambiri, koma zosefera zake ndi zodula.

Chiwerengero chomwe mungapeze ndi anthu 5 mpaka 10 miliyoni padziko lonse, koma olemba ake omwe amavomera kuti nchochepera chifukwa anawerengera malo okhawo amene kunachitika kafukufuku. Pakati pa Australia, mmidzi ina ya ma Aborigine kufupi ndi Alice Springs, atayeza anapeza akuluakulu oposa 40 pa 100 ali nako, dziko lolemera ngati limene lija. Nde ife tikamati kuno kulibe, kulibe chifukwa tayang'ana kapena chifukwa sitinayang'ane?

Chenjezo limodzi, mukapeza labu yoti itumize magazi anu kunja, musakhulupirire zotsatira zoyamba zokha. Kuyeza koyamba kuja kumatha kunamiza kwa anthu okulira malo a malungo ngati ife, pamafunika kutsimikiza ndi kuyeza kwachiwiri, Western blot kapena PCR. Ndipo bambo akunyumba nawo zikuwakhudza, kamapatsirananso pogonana, makamaka kuchoka kwa mwamuna kupita kwa mkazi, kondomu imateteza.

Agogo_Azamba

Mwana wanga NaPhiri, ine ndagwira uzamba zaka zoposa 30 ndisanapume ndipo ndikuuze mosapsatira, usamulande mwana bere chifukwa cha kalata ya munthu wina. Kalatayo ndi ya mkulu wako, si yako. Iye mwina anayamwira, mwina anatenga atakula, sitidziwa njira. Olo mayi akhale nako nkuyamwitsa nthawi yaitali, mwa ana 5 amene amatenga ndi mmodzi, anayi satenga. Iwe sunayezedwe nkomwe.

Ndikulankhula chonchi chifukwa ife tinaziona ndi maso athu nthawi ya HIV. Zaka za mma 2000 timauza amayi kuti ayamwitse mwakathithi miyezi 6 kenako adule kamodzinkamodzi, ndipo timaona ngati tikupulumutsa ana, koma ana omwewo patapita miyezi iwiri itatu timakumana nawonso kuwodi ya onyentchera atatupa mapazi tsitsi litafiira, ena osafika nkomwe. Ku Botswana, dziko la ndalama za diamondi, boma limagawa mkaka wa mchitini ulere kwa amayi a HIV, mu 2006 kunagwa mvula yoopsa madzi anaipa, ana mazanamazana anafa ndi kutsegula mmimba ndipo ambiri mwa iwo anali osayamwa. Mpake WHO inasintha malangizo mu 2010, ndipo ife a Malawi mu 2011 tinayambitsa Option B+ dziko lonse lapansi lisanayambe, mayi aliyense wapakati wa HIV kumwa ma ARV moyo onse nkumayamwitsa bwinobwino. Tinapeza njira chifukwa panali piritsi loti mkaka ukhale wotetezeka. Apa mnyamata wa labu wanena kale, piritsi lotero palibe, nde nkhani ya kachiromboka ndi yovuta kuposa ya HIV.

Ndawerenga zimene anachita ku Japan ndipo ndikuwapatsa ulemu. Ku Nagasaki anayamba mu 1987 kuyeza amayi apakati ndi kulangiza opezeka nako kuti asayamwitse, ana otenga anatsika kuchoka pa 20 mwa 100 kufika pafupifupi 3, sanafike pa 0 chifukwa ena ochepa amatengabe mnjira zina. Mu 2011 kuyezako kunafalikira dziko lonse. Mayi amene wakanitsitsa botolo amamulola kuyamwitsa osapitirira masiku 90, pena kufinya mkaka nkuumitsa mufiriji kuti maselo aja afe. Brazil nayo imaletsa kuyamwitsa ndipo imapereka mkaka wake, mu 2024 inaika kuyezaku pa zoyeza za amayi apakati. Zabwino zonsezo. Koma ku Nagasaki madzi amatuluka pampopi mnyumba ndipo magetsi sazima. Kauzeni mayi wa ku Mtandire kapena ku Mgona amene amagula madzi pakiyosiki ndi ndowa kuti aumitse mkaka mufiriji, firiji yake iti, magetsi ake ati? Mwana mmodzi miyezi 6 yoyamba amamaliza makilogalamu 20 a mkaka wa mchitini, ndiye kuti zitini 40 za magalamu 500, ndi mitengo yamasiku anoyi imene imakwera ukadali pamzere. Chitini chikayamba kutha mayi amathira supuni imodzi pofunika zitatu, sikuti ndi wopusa, akuopa mawa. Makala owiritsira madzi ndi mabotolo usiku ndi usana. Ndipo mwaiwala kale kolera ya 2022 mpaka 2023, anthu oposa 1,700 anapita dziko lino, Lilongwe yomweyino ili pakati pa maboma amene anavutika kwambiri.

Pali chinanso chimene a ku Capital Hill sachiona ali muofesi. Mkazi akangotulutsa botolo pamaliro kapena mminibasi, maso onse amakhala pa iye ndipo aliyense watha kale kumuyeza. Apongozi afunsa, anansi afunsa, nde mayi uja amayamba kuyamwitsa pagulu nkumapatsa botolo kuchipinda, zonse ziwiri zaonongeka.

Ine sindikukana kuyeza. Ndikuti tsiku limene boma lidzayambe kuyeza HTLV kusikelo lidzabwere ndi zitini zake, ndi mankhwala othira mmadzi, ndi mlangizi woyendera mayiyo pakhomo, ndi anamwino ophunzitsidwa choti anene. Kungomuuza mayi kuti muli ndi kachirombo kosachizika, musayamwitse, pitani bwino, kumeneko ndi kumutaya. Iweyo mwana wanga ngati ungathe kuyezetsa usanachire yezetsa, miyezi itatu ilipo. Ukapezeka nako ndipo pakhomo pako madzi ndi ndalama zilipo, kambirana ndi dokotala wa ana, osati ife apafoni.

Bambo_aTadala

Mayi NaPhiri pepani ndithu, zanu ndazimva ndipo sindikuzichepetsa. Koma poti mwafunsa za boma ndilankhulako ngati munthu wolipira msonkho. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tili ndi kachirombo kena kamoyo onse kamene tikudziwa kale kuti kali mnyumba mwathu, katemera wake alipo, mankhwala ake alipo, koma anthu akufabe nako osadziwa dzina, ndikunena hepatitis B. Malume anga anamwalira ali ndi zaka 44, munthu osamwa olo kachasu, mimba inangoyamba kutupa maso chikasu, kumudzi anati adyetsedwa, pofika kuchipatala anati chiwindi chatha ndi khansa. Titayezetsa pabanja anapezeka nako ena awiri, onse akuyenda bwinobwino osamva kalikonse.

WHO imati mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi hepatitis B yokhalitsa ndipo 1.1 miliyoni anafa chaka chimenecho chokha. Yerekezani ndi 10 miliyoni ya mnyamata wa labuyo. Kuno kwathu ku Ndirande anachita kafukufuku anapeza akuluakulu 5 pa 100 ali nako, pomwe ana obadwa katemera atayamba anali 0.3 pa 100 basi. Katemera wake analowa mu 2002 mkati mwa jakisoni uja wa matenda asanu amabaya pantchafu pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo taonani mmene wagwirira ntchito popanda phokoso. Chatsala ndi mpata umodzi, mwana wobadwa kwa mayi amene ali nako amatenga pobadwa pomwepo, masabata 6 amakhala achedwa, ndipo khanda likatenga 9 mwa 10 limakhala nako moyo onse pomwe wamkulu akatenga nthawi zambiri thupi limachotsa lokha. Nchifukwa chake WHO imati jakisoni woyamba abayidwe pasanathe maola 24. Ana anga onse atatu anayambira pa masabata 6. Mu Africa muno mu 2022 makanda 18 okha pa 100 ndi amene analandira wa tsiku lobadwayu.

Mankhwala ake ndi tenofovir, yemwe uja ali kale mu ma ARV amene ali pachipatala chilichonse mpaka kumidzi, mayi wapakati amene kachirombo kamuchulukira akamamwa mwana amatetezeka. Ndipo chokoma kwambiri agogo azamba, apa palibe zoletsa bere, mayi wa hepatitis B amayamwitsa mmene akufunira. Onjezani nkhani ya chuku mumtedza ndi mchimanga chosauma bwino, poizoni wake akakumana ndi hepatitis B pachiwindi chimodzi khansa imabwera mothamanga, ife tikudya nsinjiro tsiku ndi tsiku. Nde ngati Unduna uli ndi kandalama kochepa, ine ndikuti timalize kaye nkhondo imene zida zake tili nazo mmanja. Kuyeza mayi aliyense kachirombo koti tikakapeza tilibe chomupatsa, ndalama yomweyo ikanagula katemera angati?

Mnyamata_waLabu

Bambo a Tadala pa hepatitis B sindikutsutsani olo pang'ono, ikanakhala kuti ndikusankha chimodzi inenso ndikanasankha jakisoni wa tsiku lobadwa. Koma mfundo yoti tilibe chomupatsa nde tisayang'ane ndi imene yapangitsa kuti zaka zoposa 40 zidutse chonchi. Mpaka mu 2018 akatswiri anachita kulemba kalata yapoyera mu magazini ya zachipatala ya The Lancet kudandaulira WHO, lipoti lake lenileni la HTLV-1 linatuluka 2021. Tsiku lokumbukira lilipo, 10 November, ndani kuno analimvapo? Ndipo nkhani yoti 90 pa 100 zawo zili bwino ija nayo ikugwedezeka, mu 2020 ataphatikiza makafukufuku ambiri anapeza kuti okhala ndi kachiromboka chiopsezo chawo chomwalira msanga nchokwera ndi 57 pa 100 kuyerekeza ndi opanda, pazifukwa zimene khansa ndi miyendo zokha sizingafotokoze. Kamakhudzanso maso, mapapo, ndi zilonda zapakhungu zosapola mwa ana.

Sindikupempha kuti mawa tiyeze mayi aliyense ayi. Zotchipa zilipo. Magazi a anthu opereka ndi a kusikelo amadutsa kale mmalabu tsiku lililonse, kutengapo masauzande angapo mzigawo zonse zitatu nkuyeza kamodzi kokha tikhoza kudziwa ngati ndi 1 pa 1,000 kapena 2 pa 100, ngati kali kunyanja kapena kumapiri, ndipo chisankho cha magazi othira anthu chichokere pamenepo. Ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi ku Malawi College of Health Sciences ophunzira azimva dzinali mokwanira kuti akaona mayi wokoka miyendo ngati wa ku Mitundu uja aziliganizira. Labu imodzi yokha dziko lonse yotha kutsimikiza, kuti mabanja ngati la mayi NaPhiri, amene m'bale wawo wapezeka kale, akhale ndi kolowera. Kachiromboka kamayenda mmabanja, mayi amene kamuchulukira mmagazi amatha kupatsira ana angapo, nde agogo azamba 1 mwa 5 uja pabanja lotere akhoza kukhala wokwererapo. Uthenga wa kondomu ndi wa malumo tikuulalikira kale, nkungoonjezapo dzina.

Agogo_Azamba

Pamenepo tagwirizana mwanawe, werengani kaye. Koma powerengapo mukatenge ndi azamba pa tebulo, chifukwa zotsatira zikatuluka amene adzayang'anizane ndi mayi wolira mkachipinda si inu a labu.

NaPhiri_wa25

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri mpaka foni kutha moto. Bambo akunyumba ndawauza usiku wathawu, anayamba akwiya kuti bwanji alamu anabisa chaka chonse, kenako anafunsa funso lomwe lija la a Biwi kkkk, ndinachita kuwawerengera zimene mwalemba apa za Gallo. Pano akuti tifufuze labu yotumiza magazi ku South Africa, achemwali alonjeza kuti atumiza ndalama yake ndipo adokotala awo alemba kalata yofotokoza choti chiyezedwe kuti tisamangoyankhidwa kuti HIV mulibe. Tiyamba ndi mayi ndi ine, mwana wanga woyamba adikire zotsatira zanga. Mayi tikawatenga Loweruka tipite nawo ku Central kalatayo ili mmanja, koma mmene ndikawauzire sindikudziwa, munthu amene wakhulupirira zaka 10 kuti anamulodza ndi a malire a munda ukamuuze kuti mwina ndi matenda amene anapatsira ana ake kubere, ndikuopa kuti adzadziimba mlandu mpaka kumanda. Mwina ndingonena kuti tikukaonetsa miyendo basi.

Bambo a Tadala mwandipangitsa kutsegula buku langa lakusikelo, pa hepatitis B palibe chimene chalembedwa, nde Lachiwiri ndikafunsa, ndi za jakisoni wa tsiku lobadwa zomwe.

Apongozi anga afika dzulo kuchokera ku Dowa ndi thumba la mgaiwa ndi soya, akuti ndiyambiretu kumwa phala mmawa uliwonse kuti mdzukulu wawo asadzasowe mkaka. Ndalandira ndi manja awiri, ndathokoza, sindinanene kanthu.